Chifundo, Maere ndi Mwana Wokomoka

Pakati pa mafunso akale amene anthu oganiza mozama za makhalidwe ndi za chipembedzo akhala akulimbana nawo, pali limodzi lomwe limaonekera bwino pakhomo la chipatala kusiyana ndi m'kalasi kapena pa guwa, ndipo funsolo ndi lakuti kodi mtima wabwino ndi wokwanira kuti ntchito ya munthu itchedwe yabwino, ngakhale pamene ntchitoyo yapweteka amene imafuna kumupulumutsa. M'moyo wa tsiku ndi tsiku funsoli limatha kuzengerezedwa, pakuti wolakwa amakhala ndi mpata wokonza cholakwa chake mawa, koma pa chithandizo cha mwadzidzidzi, chomwe ndi chithandizo choperekedwa kwa munthu amene moyo wake ungathe m'mphindi kapena m'maola ochepa, mpata wotero palibe. Kafukufuku wa zachipatala amene wachitika kum'mawa ndi kummwera kwa Africa m'zaka zaposachedwapa walikulitsa funsoli, chifukwa waonetsa kangapo konse kuti njira zina zomwe madokotala ankazikhulupirira ndi mtima wonse, ndiponso ankaziona ngati chifundo chenicheni, zinkawonjezera maliro m'malo mowachepetsa.

Boma la Kasungu ndi malo oyenera kuganizirapo nkhaniyi. Dera lake lathyathyathya, lodzaza ndi minda ndi maesiteti a fodya, lili ndi nyengo imodzi imene mavuto amakumanirana: kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi mvula imachulukitsa udzudzu ndi malungo, nkhokwe zimakhala zitapepuka, misewu ya kumidzi imasanduka matope, ndipo ndi nthawi yomweyo imene fodya amafuna manja a banja lonse pa kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Tenanti, amene ndi mlimi wolima pa malo a mwini esiteti n'kumalandira chakudya ndi zipangizo pa ngongole yodzadulidwa fodya akagulitsidwa, sakhala ndi ndalama m'thumba m'miyezi imeneyi, motero mwana akatentha thupi banja limayamba ladikira, ndipo pomwe wakabaza aziitanidwa mwanayo amakhala atayamba kale kukomoka kapena kubanika. Akafika pa chipatala cha boma cha Kasungu, kapena pa zipatala za mishoni monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya, amene amamulandira kawirikawiri ndi namwino kapena clinical officer, wachipatala wophunzitsidwa kugwira ntchito zambiri za dokotala m'madera momwe madokotala ndi osowa, ndipo chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 mumsewu wa M1. Zochitika m'ola loyamba ndizo zimagamula mlandu, ndipo zimachitika m'manja mwa anthu amene alibe mpata wokafunsa kwa wina.

Dziko la Malawi lili ndi gawo lake m'mbiri ya ola loyamba limeneli. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Elizabeth Molyneux ndi anzake a pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre adasintha kalandiridwe ka ana odwala, kuti mwana aliyense aziyang'anidwa akangofika pakhomo n'kuikidwa m'limodzi mwa magulu 3: wofunika chithandizo pompopompo, wofunika kuonedwa msanga, ndi wotha kudikira pamzere. Malinga ndi zimene adalemba mu 2006, imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa ana 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8, ndipo njira yomweyi ndiyo maziko a maphunziro a ETAT omwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidafalitsa mu 2005. Ngakhale apa nkhani ya chilungamo ilipo kale, pakuti mayi amene wafika m'bandakucha amaona mnzake wofika dzuwa lili paliwombo akulowa patsogolo pake, ndipo amayenera kuvomereza kuti chilungamo cha pamzere chagonja kwa chilungamo china choyang'ana kukula kwa ngozi. Koma kudziwa woyamba kumuthandiza ndi mbali yopepuka. Mbali yovuta ndi kudziwa chomuchitira.

Chitsanzo chimene chidagwedeza madokotala a ana padziko lonse ndi kafukufuku wotchedwa FEAST, amene adatsogoleredwa ndi Kathryn Maitland m'zipatala 6 za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2011. Kwa zaka zambiri chiphunzitso chinali chakuti mwana wotentha thupi kwambiri amene magazi ake sakuyenda bwino, zomwe zimadziwika ndi kuzizira kwa manja ndi mapazi ndiponso kugunda kwa mtima kofooka koma kothamanga, ayenera kupatsidwa madzi ambiri a m'dripi mofulumira kuti mitsempha idzaze ndipo mtima upeze chopopa. Chiphunzitsochi chinkamveka chanzeru, chinkatsatidwa m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America, ndipo ofufuzawo adayamba ntchito akuyembekezera kutsimikiza kuti chingapulumutsenso ana a mu Africa. Ana 3,141, omwe oposa theka anali ndi malungo, adagawidwa m'magulu 3: ena adalandira madzi amchere mofulumira, ena madzi okhala ndi albumin, yomwe ndi puloteni ya m'magazi, ndipo ena adangolandira madzi pang'onopang'ono pamodzi ndi mankhwala a matenda awo. Patatha maola 48, mwa ana opatsidwa madzi mofulumira adamwalira opitirira pang'ono 10 pa 100 alionse, pamene mwa enawo adamwalira opitirira pang'ono 7, ndipo komiti yoyang'anira chitetezo cha odwala idaimitsa kafukufukuyo mu Januwale 2011 asanafike kumapeto.

Chofunika kuchisinkhasinkha kwambiri n'chakuti maso a madokotala sadaname. Kuunikanso kwa zotsatirazo kudaonetsa kuti ana ambiri opatsidwa madziwo ankaonekadi otsitsimuka m'ola loyamba, zizindikiro za kusayenda bwino kwa magazi zinkachoka msanga, ndipo imfa inkabwera pambuyo pake, pamene palibe amene akadaiganizira kuti yachokera ku dripi. Kusiyana kwa ana 3 pa 100 alionse sikungaoneke kwa munthu mmodzi ngakhale atakalambira m'wodi ya ana, chifukwa mwana akachira ulemu umapita kwa dripi, ndipo akamwalira anthu amati matenda adamukulira. Luso la zaka zambiri, lomwe m'ntchito zina ndi mphunzitsi wodalirika, apa lidakhala mboni yoona mbali imodzi yokha. Izi sizikutanthauza kuti dripi ndi mdani, ndipo owerenga asasokonezeke: kafukufukuyu sadakhudze ana otsekula m'mimba, opsa ndi moto, ovulala kapena onyentchera kwambiri, ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, madzi operekedwa msanga ndiwo anali chipulumutso. Mankhwala omwewo ndi moyo kwa uyu ndi imfa kwa uyo, ndipo chowasiyanitsa sichili m'chifundo cha woperekayo.

Nkhani ya FEAST siili yokha. Mu 2017 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa pa University Teaching Hospital ku Lusaka, pa akuluakulu 209 odwala sepsis, lomwe ndi vuto lobwera pamene matenda ayambukira thupi lonse n'kufooketsa ziwalo, ndipo mwa opatsidwa madzi ambiri motsatira ndondomeko yochokera m'maiko olemera adamwalira 48 pa 100 alionse, pamene mwa othandizidwa monga mwa nthawi zonse adamwalira 33. Kale mu 2004 kafukufuku wotchedwa CRASH, pa anthu pafupifupi 10,000 ovulala m'mutu, anali ataonetsa kuti mankhwala a steroid, omwe ankaperekedwa kwa zaka zambiri pofuna kuchepetsa kutupa kwa ubongo, ankachulukitsa imfa.

Chikhristu, chomwe ndi chipembedzo cha anthu ambiri m'boma la Kasungu, chili ndi mawu awiri pa nkhaniyi amene poyamba amaoneka ngati otsutsana. Fanizo la Msamariya wachifundo limayamikira munthu amene sadalambalale wovulala, koma adatsuka mabala ake ndi mafuta ndi vinyo, mankhwala a nthawi yake, osayamba wafunsa ngati mankhwalawo ndi otsimikizika. Komabe Paulo, polembera Aroma, adadandaula za anthu okhala ndi changu chopanda chidziwitso, kusonyeza kuti changu pachokha si chishango. Maganizo a Thomas Aquinas angayanjanitse ziwirizi, pakuti iye adasiyanitsa kusadziwa kumene munthu sakadatha kukupewa, komwe kumamuchotsera mlandu, ndi kusadziwa kumene akadakuthetsa akadachita khama, komwe sikumuchotsera. Potsatira kusiyanitsa kumeneku, namwino amene adathamangitsa dripi chaka cha 2011 chisanafike alibe mlandu, ndipo kumuimba mlandu kungakhale nkhanza. Koma kusadziwa kukangotha kuthetseka, mlandu umabadwa, ndipo funso limasanduka lakuti ugwera ndani.

Mu 1877 William Kingdon Clifford, katswiri wa masamu wa ku England, adalemba za mwini sitima ya panyanja amene ankakayikira kulimba kwa sitima yake yakale, koma m'malo moiyendera adatontholetsa chikayikocho mpaka adakhulupirira moona mtima kuti ulendo uyenda bwino, ndipo sitimayo idamira ndi anthu ake. Clifford adagamula kuti munthuyo ndi wolakwa ngakhale chikhulupiriro chake chinali chopanda chinyengo, chifukwa analibe ufulu wokhulupirira zimene sadazifufuze. Mu 1896 William James wa ku America adamuyankha kuti pali zisankho zina zosathawika, zomwe kungokhala chete n'kusankhanso, ndipo pa zoterozo munthu amaloledwa kuchitapo kanthu umboni usanakwane. Awiriwa akhoza kukhala olondola onse, malinga munthu aone kuti akunena za anthu osiyana. Wachipatala amene wanyamula mwana wokomoka usiku ku Kasungu ali pa chisankho cha James, pakuti sangaimitse nthawi kuti umboni ukwane. Koma unduna wa zaumoyo, sukulu za udokotala, mabungwe opereka thandizo ndi mipingo yoyendetsa zipatala ali pa malo a mwini sitima uja, chifukwa iwo ali ndi zaka zofufuzira zimene wachipatalayo alibe mphindi yozifufuzira. Mwambi woti safunsa adadya phula ukuwakhudza iwowa, ndi kusiyana kumodzi kowawa, kwakuti amene amadya phulalo si iwo koma mwana wa tenanti.

Ngati kufunsa ndi udindo, njira yofunsira nayonso ili ndi minga. Kafukufuku wodalirika woyerekeza njira ziwiri za chithandizo amagawa odwala mwa maere: kompyuta imakonza mndandanda wopanda dongosolo lodziwika, ndipo wodwala akafika amatsegula envelopu yomata kapena kufunsa makina kuti aone gulu lomwe walowa. Cholinga chake n'choti magulu afanane m'zonse kupatula chithandizo chikuyesedwacho, popeza dokotala akasankha yekha amapereka mosazindikira njira imene amaikonda kwa odwala ena ake, ndipo zotsatira zimapotoka. Kwa munthu wopembedza izi zimamveka ngati kutchova njuga pa moyo wa mwana, ndipo mantha amenewa ndi oyenera kuwalemekeza. Yankho lomwe Benjamin Freedman adapereka mu 1987 ndi lakuti maere amaloledwa pokhapokha akatswiri oona mtima atagawanikadi, ena akukhulupirira njira iyi ndipo ena iyo, popanda umboni wogamula pakati pawo. Buku la Machitidwe limasimba zofanana ndi zimenezi pamene atumwi ankafuna wolowa m'malo mwa Yudasi: adayamba aunika mpaka adatsala ndi anthu awiri oyenera onse, ndipo maere adabwera nzeru zawo zitafika polekezera. Maere oterewa ndi osiyana ndi ula, pakuti wowombeza amalonjeza kuulula chobisika cha munthu amene wakhala patsogolo pake, pamene maere a kafukufuku sanena kanthu za mwana wagona pa bediyo. Amavomereza poyera kuti palibe akudziwa, ndipo chidziwitso chimabadwa pambuyo, ana masauzande akawerengedwa pamodzi.

Pali mfundo ina imene otsutsa maere saiona kawirikawiri. Kumene kulibe kafukufuku, mwayi umagamulabe. Mwana amalandira madzi ambiri kapena ochepa kutengera amene ali pa ntchito usiku umenewo, sukulu imene adaphunzirako, buku limene adawerenga, ndiponso ngati madripi alipo m'famase. Amenewanso ndi maere, kungoti palibe amene akulemba zotsatira zake, motero imfa zake siziphunzitsa aliyense.

Komabe mfundo imeneyi sithetsa mlandu wa chilolezo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 limaletsa kuyesa zachipatala kapena zasayansi pa munthu iye asanavomere, ndipo lamuloli lili ndi mizu m'mfundo za ku Nuremberg za 1947, zomwe zidalembedwa poweruza madokotala a Nazi, ndiponso m'chikalata cha ku Helsinki cha 1964. Makomiti ounika kafukufuku m'dziko muno, la boma la National Health Sciences Research Committee ndi la COMREC la sukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, amaima pa mfundo yomweyi. Vuto ndi lakuti wokomoka savomera, ndipo mayi amene mwana wake akuphupha sali m'maganizo oti awerenge masamba a chikalata. Ofufuza a FEAST adagwiritsa ntchito njira yoti kholo lifotokozeredwe mwachidule n'kuvomera pakamwa, ndipo chilolezo chonse cholembedwa chipemphedwe mwana akakhazikika, kholo lili ndi ufulu wokana kupitiriza. Pa anthu ovulala nkhani ya nthawi ndi yothina koposa: kafukufuku wa CRASH-2 wa 2010, pa anthu oposa 20,000 m'maiko 40, adaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo a tranexamic acid amachepetsa imfa za otaya magazi, ndipo kuunika kotsatira kudaonetsa kuti phindu lake lili m'maola 3 oyamba ndipo limachepa nthawi ikamapita. Munthu wochita ngozi pa M1 amene abale ake ali kutali, akati adikire siginecha, mwambo woteteza ufulu wake ungamulande moyo umene ufuluwo umatetezera.

Ku Kasungu funso la wovomera lili ndi nthambi zake. M'mabanja a Achewa mawu aakulu pa mwana amakhala ndi atsibweni ake monga mwini mbumba, kumpoto kwa bomali kumene kuli Atumbuka ambiri amakhala ndi akuchimuna, ndipo matenanti ambiri adachokera m'maboma a kummwera, kotero kuti eni mawu ali mtunda wa tsiku lathunthu. Mayi amene wafika yekha ndi mwana kumbuyo amapemphedwa kugamula chinthu chimene mwambo sudamupatse kuti achigamule yekha, ndipo mwana akamwalira ndiye adzayankhe mafunso pa maliro. Palinso chimene akatswiri a makhalidwe a zachipatala akhala akuchenjeza kuyambira mu 1982, chakuti wodwala amaganiza kuti zonse zochitika m'kafukufuku zakonzedwera ubwino wake iye yekha. M'chipatala chosowa zipangizo maganizo amenewa si olakwika kotheratu, pakuti wodi ya kafukufuku imakhaladi ndi anamwino okwanira ndi mankhwala osatha, ndipo apa ndi pamene pali chiopsezo, chifukwa kuvomera kwa munthu amene njira yake ina ndi bedi logona ana awiri n'kovuta kukutcha kwaufulu. Ena amayankha ndi nzeru ya umunthu, yoti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake, ndipo amati mafumu, mipingo ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi akambirane za kafukufuku asanayambe. Kukambirana kotero n'kofunika, koma mfumu singavomere m'malo mwa mayi, ndipo umunthu ukagwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa pa wofooka wasiya kukhala umunthu.

Chenjezo la Immanuel Kant, loti munthu asasandutsidwe chipangizo chabe chokwaniritsira zolinga za ena, limakhalabe chilili ngakhale zonsezi zitatsatidwa. Ana makumi angapo a m'kafukufuku wa FEAST adamwalira chifukwa cha gulu limene envelopu idawaponyera. N'zoona kuti m'zipatala zotsatira chiphunzitso chakale akadalandira madzi omwewo popanda wowerenga, koma makolo awo sangatonthozedwe ndi masamu. Chimene chingalungamitse kutayika kotero n'choti chidziwitsocho chibwerere msanga kwa anthu amene adachilipira, ndipo apa mbiri si yokondweretsa, pakuti bungwe la WHO lidasintha malangizo ake pa nkhani ya madziwa mu 2016, patatha zaka 5. Kumene anthu amatengedwa magazi popanda kuuzidwa bwino kumene akupita, ndiponso osamvanso zotsatira, mphekesera zimapeza nthaka yachonde. Nkhani za anamapopa zomwe zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 zinali zabodza, koma kusakhulupirira komwe zidamerapo kunali ndi chiyambi chake.

Magazi omwewo ndiwo adayesedwa m'kafukufuku wa TRACT, wochitikira ku Uganda ndi ku Blantyre, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2019. Pa ana ochepa magazi kwambiri koma opanda zizindikiro zina zoopsa, kuwaika magazi nthawi yomweyo sikudachepetse imfa poyerekeza ndi kuwayang'anira mosamala n'kuwaika pokhapokha atayamba kufooka, ndipo pafupifupi theka la ana a m'gulu lodikiralo adachira osaikidwa magazi n'komwe. Chodabwitsa china chinali pa kuchuluka kwake: mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana adathandiza ana osatentha thupi, koma kwa otentha thupi mamililita 20 ndiwo adali abwino. M'dziko lomwe magazi amasowa, makamaka sukulu zikatsekera popeza ophunzira ndiwo amapereka ambiri, paketi yosungidwa kwa mwana wosaifuna ndi moyo wa mayi wotaya magazi pochira. Kudikira ukuyang'anira ndi ntchito yolemera kuposa kupachika paketi, chifukwa kumafuna namwino wobwerera pa bedi mobwerezabwereza ndi labu yoyezanso magazi, komanso kumafuna kulimba mtima pamaso pa gadiyani amene akuona ngati mwana wake wanyalanyazidwa.

Kafukufuku woyandikira kwambiri moyo wa chipatala cha Kasungu ndi amene adachitikira pa chipatala cha boma cha Salima motsogoleredwa ndi Eric McCollum, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2019. Adayesa makina a bubble CPAP, omwe amakankhira mpweya m'mphuno mwa mwana ndi mphamvu pang'ono kuti timatumba ta m'mapapo tisafwafwazike, ndipo mphamvuyo imayezedwa ndi kachubu kozika m'botolo la madzi komwe kamatulutsa thovu. Ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, kafukufuku wa 2015 anali atapeza kuti mwa ana achibayo oikidwa pa makinawa adamwalira 4 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 15 mwa opatsidwa okosijeni wamba, ndipo m'Malawi momwemuno makina a mtunduwu otchedwa Pumani anali atathandiza makanda obadwa masiku asanakwane ku Blantyre. Panali chifukwa chokwanira choyembekezera zabwino. Koma pa ana 644 a ku Salima odwala chibayo chachikulu, omwenso anali onyentchera, kapena okhudzidwa ndi HIV, kapena osowa kwambiri mpweya m'magazi, mwa oikidwa pa makina adamwalira 17 pa 100 alionse, pamene mwa opatsidwa okosijeni wamba adamwalira 11, ndipo kafukufukuyo adaimitsidwa mu 2018. Kusiyana kwakukulu ndi Dhaka kunali kwakuti ku Salima ana ankasamalidwa ndi anamwino ndi ma clinical officer popanda dokotala wowayendera tsiku ndi tsiku, monga zimakhalira m'zipatala zambiri za maboma. Kafukufuku wa ku Ethiopia wa 2024, m'zipatala momwe munali madokotala oyang'anira, adapezanso phindu pa makinawa.

Zotsatira za ku Salima zimakhudza funso lakale la chikhalidwe cha choonadi. Choonadi cha sayansi chimaganiziridwa kuti n'chimodzi kulikonse, ndipo mapapo a mwana wa ku Dhaka sasiyana ndi a mwana wa ku Chinkhoma kapena ku Santhe. Koma chimene chimayesedwa pa chithandizo cha mwadzidzidzi si makina okha. Ndi makina pamodzi ndi manja owagwira, maso owayang'anira usiku, magetsi osazima, ndi chubu chodyetsera mwana amene sangayamwe. Chimodzi mwa izi chikasowa, chinthucho chasanduka china ngakhale dzina lake lili lomwelo. N'chifukwa chake mphatso ya makina yochokera kunja, yoperekedwa ndi mtima woyera pa mwambo wa zithunzi ndi zolankhula, ingathe kubwereza cholakwa cha dripi, ndipo umboni wotengedwa ku chipatala chachikulu cha mumzinda sungangosamutsidwa n'kuikidwa pa chipatala cha boma popanda kuuyesanso pamalopo.

Zotsatirazi zingawerengedwe m'njira ziwiri, ndipo njira iliyonse imasenzetsa udindo anthu osiyana. Wina anganene kuti makinawa sayenera chipatala cha boma, ndipo chanzeru n'kuonetsetsa kuti okosijeni wamba, mankhwala opha tizilombo ndi kachipangizo koyezera mpweya pa chala zilipo nthawi zonse; kuwerenga kumeneku kumateteza ana a lero ndipo clinical officer wa ku Kasungu ayenera kukutsatira. Wina anganene kuti cholephera si makina koma kusowa kwa anthu, ndipo kuvomereza kuti mwana wa kumudzi asalandire chimene chimapulumutsa mwana wa ku Dhaka n'kusandutsa umphawi kukhala lamulo la chilengedwe. Kuwerenga kwachiwiriku kumachotsa nkhani m'wodi n'kuipititsa ku nyumba ya malamulo, kumene lonjezo la ku Abuja la 2001, loti maiko a mu Africa aziika 15 pa 100 alionse a ndalama za boma ku zaumoyo, lakhala likuphonyedwa m'zaka zambiri, ndiponso kwa amene amagula fodya wa ku Kasungu pa mtengo umene sumusiyira tenanti ndalama ya kabaza m'mwezi wa Febuluwale.